Lachiwiri, 15 Okutobala 2024: Mabedi akhale kapena apite?

Mawu andithera, kukhosi kwauma. Malawi 0, Senegal 1. Chigoli cha Sadio Mané pa mphindi yachisanu ndi chimodzi ya nthawi yoonjezera, anthu ena atayamba kale kutsika masitepe kuti akapeze malo m'minibasi. Basi, za mpikisano wa maiko a mu Africa wa AFCON ku Morocco chaka chamawa tiiwale. Masewero anayi, mapointi palibe, tamwetsa zigoli 3, tamwetsedwa 11. Senegal ndi Burkina Faso adutsa mu gulu L, ife ndi Burundi tikaonera pa kanema.

Poti lero ndi Tsiku la Anakubala, ndinalawirira ku Mchesi ndi chitenje, shuga ndi sopo. Amayi atangoona jezi yofiira yomwe ndinavala anaseka. "Ndiye mwabwera kudzandiona ine, kapena pano ndi podutsira popita ku mpira?" Ndinangoti zonse ziwiri, amayi. Chitenje anachikonda, kapena anachita ngati achikonda, zomwe kwa ine n'chimodzimodzi.

Ndinapeza a malume atafika kale, atakhala pansi pa mtengo wa mango ndi kawailesi kawo. A malume ku bwalo adasiya kupita kalekale, amati miyendo, koma mpira wa Flames amaudziwa kuposa tonse pabanja pathu. Kinnah Phiri adamuona akusewera ndi maso awo, m'masiku omwe Malawi idatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979. Nsima isanapse n'komwe tinali titayamba kale kukangana za kochi wa Flames, Patrick Mabedi.

Ine ndinabwera ndi mkwiyo wa Lachisanu, pamene Senegal idatikwapula 4-0 kwawo. A malume anandidula. "Mphwanga, goloboyi akakupatsira khadi lofiira koyambirira kwa masewero, pakwawo pa Senegal, ukufuna kochi atani? Alowe yekha pagolo?" Apa anali ndi mfundo. Brighton Munthali atatulutsidwa, masewero aja adasanduka ongowerenga zigoli. Kenako anatambasula zala n'kuyamba kuwerenga makochi omwe adutsa chichotsedwere Kinnah mu Januwale 2013, ogwirizira omwe: Eddington Ng'onamo, Tom Saintfiet, Young Chimodzi, Ernest Mtawali, Nsanzurwimo Ramadhan, Gerald Phiri, Ronny Van Geneugden, Meke Mwase, Mario Marinica. Chala chomaliza chinagwera pa Mabedi. "Zaka khumi ndi chimodzi, zala zatha. Ndiye ukuti vuto ndi makochi onsewa? Azungu, akuda, a ku Burundi, onse osadziwa mpira?"

Anapitiriza ndi Senegal yomweyo. Aliou Cissé adampatsa timu mu 2015. Mu 2017 adatuluka mu makotafainolo, sadamuchotse. Ku World Cup ya 2018 adatuluka m'magulu chifukwa cha kuchuluka kwa makadi achikasu, sadamuchotse. Mu 2019 adagonja mu fainolo kwa Algeria, adamusungabe. Chikho adachinyamula mu Febuluwale 2022 ku Cameroon, patatha pafupifupi zaka zisanu ndi ziwiri ali pa mpando. Ndinawakumbutsa kuti Cissé yemweyo amutsanzika masabata awiri apitawa, ndipo amene akhale pa benchi ya Senegal lero ndi Pape Thiaw, wongogwirizira. A malume sanagwedezeke. "Amutsanzika atadya zipatso zake. Ife timazula mtengo usanaphuke n'komwe."

Nsima inabwera, ndiwo nkhuku ya lokolo ndi chisoso, ndipo amayi analamula kuti za mpira zithere pomwepo.

Ku bwalo la Bingu ku Area 48 ndinapita ndi alamu anga, omwe ndi a Maule, ochemerera timu ya Bullets, a magazi enieni. Dzuwa la Okutobala silinali la masewera. Pa geti panali chipwirikiti cha nthawi zonse, anyamata ogulitsa mbendera ndi mavuvuzela, amayi a mafiriziisi ndi madzi ozizira, ndi ena oti akugulitse tikiti yomwe sukudziwa komwe aitenga. Chomwe ndinaona n'chakuti ambiri sanabwerere Flames yokha. Majezi a Liverpool olembedwa Mané kumbuyo analipo ndithu, ngakhale mwini wakeyo adasamukira kale ku Al-Nassr. Mnyamata wina yemwe tinakhala naye pafupi ananena poyera kuti iye wabwera kudzaona anthu omwe amawaonera pa DStv, zotsatira akuzidziwa kale.

Koma mpira utayamba, bwalo linabwerera kwa eni ake. Anyamata athu anatseka kumbuyo, anathamanga, anagwa n'kudzuka. Senegal ndiyo inkakhala ndi mpira nthawi zambiri, zimenezo n'zosabisa, ndipo ife tikaulanda sitinkadziwa kwenikweni kopita nawo. Komabe chigawo choyamba chinatha opanda chigoli, ndipo chachiwiri chikupita kumapeto anthu anayamba kuimba ngati tikutsogola. Ine maganizo anali ku Bafoussam, pa 18 Januwale 2022, pamene tidalepherana ndi Senegal yomweyi 0-0 ku AFCON, tsiku lija oyimbira adatipatsa penate Gomezgani Chirwa atagwetsedwa, kenako n'kukaibweza atayang'ana pa VAR. Pointi ija idatilowetsa mu ndime ya matimu 16. Ya lero sikadatipititsa kulikonse, koma tinkaifunabe. Munthu ukagonja katatu motsatizana, 0-0 ndi Senegal umapita nayo kunyumba mokondwa.

Ndiye firikiki ija. Mané atauika mpira pansi, alamu anandigwira mkono n'kunena kuti, "Alamu, ine sindiyang'ana." Anayang'ana. Tonse tinayang'ana. Mpira unadutsa khoma n'kukagona mu ukonde, ndipo mnyamata wa DStv uja anadumpha asanakumbuke dziko lomwe ali. Anakhala pansi msanga anthu atamutembenukira.

M'minibasi yobwerera munali bwalo lamilandu. Kondakitala ndiye anali woweruza, ndipo chigamulo anali atapereka kale galimoto isananyamuke: achoke, mawa lomwe. Bambo wina wovala bwino, wooneka ngati wa mu ofesi, anati ayi, lero timu yaonetsa kuti yayamba kumva zomwe kochi akuphunzitsa, kugonja 1-0 kwa Senegal pa mphindi yomaliza si manyazi. Mayi wina kumbuyo anafunsa kuti, nanga Burundi inali Senegal? Minibasi yonse inaseka, bamboyo anangoyang'ana pawindo. Alamu anga anaponyamo dzina la Kalisto Pasuwa, kochi wa Bullets, monga ndinkayembekezera, ndipo wina wa Silver Strikers anabweza ndi la Peter Mponda, kochi wawo, poti ma Bankers ndiwo akutsogola mu ligi chaka chino. Wa Manoma mmodzi, wochemerera Wanderers, yemwe analimo anati bola mzungu kusiyana n'kupereka timu ya dziko kwa Maule. Pofika pa siteji yathu nkhani inali itachoka pa Flames, anthu akukumbutsana mapenate a mu ligi a zaka zapitazo.

Mayi uja ndiye ananena zomwe zili mumtima mwanga. Masewero a lero asatipusitse, mbali zonse ziwiri. Mabedi sangachotsedwe chifukwa Mané wamenya firikiki yabwino, poti Mané wachita zimenezo kwa matimu akuluakulu kuposa ife. Komanso sangasungidwe chifukwa tinatsala pang'ono kupeza pointi. Kutseka kumbuyo kwa mphindi 95 pamaso pa anthu ako, ukudziwa kuti aliyense akuyembekeza kuti uthambitsidwa, osewera amakuchita ndi mtima wawo, kochi aliyense atakhala pa benchi. Ulendo wa ku Morocco sunathere lero. Udathera pa 5 Sepitembala, pa bwalo lomweli, pamene Burundi idatigonjetsa 3-2. Mu gulu lomwe muli Senegal ndi Burkina Faso, aliyense ankadziwa kuti mapointi asanu ndi limodzi a Burundi ndiwo poyambira, kenako n'kumapempherera kuti Burkina Faso ipunthwe ku Lilongwe. Tidataya atatu oyambawo tsiku loyamba, pakhomo, kwa timu yomwe ngakhale masewero ake apakhomo ikusewerera kunja. Patatha masiku asanu Burkina Faso idatipatsa 3-1 ku Bamako. Ndipo izi zisanachitike, mu Malichi, Kenya idabwera pa Bingu pomwepa n'kutithira 4-0 pa mpikisano wa maiko anayi womwe tidakonza tokha.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti Mabedi anali wotchinga kumbuyo, ndipo osati wamba. Adakhalapo kaputeni wa Flames, adakhalapo kaputeni wa Kaizer Chiefs ku South Africa, komwe mwana wa ku Malawi sapatsidwa lamba chifukwa cha nkhope. Ngati pali chinthu chimodzi chomwe timu yake imayenera kudziwa, ndi kutseka pakhomo. Koma Kenya zinayi, Burundi zitatu, Burkina Faso zitatu. Zinayi za ku Senegal ndizichotsepo chifukwa cha khadi lija, monga anenera a malume. Zotsalazo zikadali zambiri.

Sindikuiwala zabwino zake. Chaka chatha ku COSAFA, mpikisano wa maiko a kum'mwera kwa Africa, ku Durban, ali wogwirizira, adatenga anyamata ambiri a mu ligi yathu, ena omwe mayina awo tinkangowamva pa wailesi, n'kupambana masewero onse atatu a m'gulu osamwetsedwa chigoli, kuphatikizapo 1-0 ya Zambia. Tidatuluka mu semifainolo pa mapenate kwa Lesotho. Timu ija inkasangalatsa, inkapatsirana mpira pansi, ndipo patatha nthawi ya Marinica ya mpira wongoponya kutsogolo mwachangu, tonse tidapuma. N'chifukwa chake FAM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, itamupatsa kontilakiti ya zaka ziwiri anthu ambiri sadadandaule. Adayambanso bwino mu za World Cup, kukagonjetsa Liberia 1-0 kwawo mu Novembala, chigoli cha Chifundo Mphasi. Tunisia idatipambana 1-0 pa penate, São Tomé tidaichinya 3-1 mu Juni, Equatorial Guinea idatigonjetsa 1-0 ku Malabo. Mapointi 6 pa masewero anayi. Pa mbiri yathu, zimenezo si zonyozeka.

Koma timu ya ku Durban ija ili kuti? Funso langa ndi limenelo. Chaka ndi miyezi itatu chidutsireni, ndimayembekezera kuti pofika pano tikhala tikudziwa anthu khumi ndi mmodzi a Mabedi, mwina kusiyana awiri kapena atatu. M'malo mwake ndikamva mndandanda pa wailesi ndimakhala ngati ndikumva timu yatsopano. Kochi amene akumanga amaoneka ndi msana wa timu: goloboyi wake, awiri apakati kumbuyo, mmodzi wogwira pakati, mmodzi womwetsa zigoli. Ena onse akhoza kusinthasintha. Ine msana umenewo sindikuuona, ndipo ndikamamvera zomwe amayankhula masewero akatha, sindimva munthu amene akudziwa pomwe pakudontha.

Nditafika kunyumba magetsi anali atazima, ndiye ndinakhala pakhonde. Foni inalira, a malume. Sanapereke n'komwe moni. "Wamva? Mphindi 96. Ndiye ukufuna kuchotsa munthu amene wagwira Senegal mpaka mphindi 96?" Ndinawauza za Burundi. Anati Burundi idali ngozi. Ndinati ngozi ikachitika kwa Kenya, kwa Burundi ndi kwa Burkina Faso, dalaivala amafunsidwa.

Kenako ndinawabwezera mbiri yawo yomwe. Van Geneugden tidamupatsa nthawi, zaka ziwiri zathunthu kuyambira 2017 mpaka 2019, akutiuza kuti akumanga, ndipo masewero omwe adapambana amakwana pa dzanja limodzi zala n'kutsalako. Nthawi payokha simanga timu. Ndipo Kinnah wawoyo sadafune zaka zisanu ndi ziwiri. Adalowa mu 2008 Stephen Constantine atachoka timu ikungogonja, ndipo ndi osewera pafupifupi omwewo adathira Djibouti 8-1, kenako mu Juni n'kugonjetsa Egypt, akatswiri a Africa panthawiyo, 1-0 pa Kamuzu Stadium ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya kumapeto. Pasanathe zaka ziwiri tidali ku Angola tikuchinya Algeria 3-0. Kochi woyenera amaoneka msanga, ngakhale zikho zichedwe.

A malume anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Kinnah anali ndi Mponda kumbuyo, Sanudi pagolo, Kamwendo ndi Ng'ambi pakati, Esau ndi Russell kutsogolo. Ambiri ankasewera kunja, Esau mpaka ku Russia. Mabedi ali ndi ndani?" Apa sindinawayankhe mwachangu, chifukwa ndi zoona. Osewera athu ambiri lero ali mu ligi ya TNM, ena ku Mozambique, ku Zambia ndi ku Tanzania, ochepa ku South Africa. Amakula akusewera pa mabwalo a fumbi, ndipo ambiri amakumana ndi kochi wophunzira bwino ali kale ndi zaka pafupifupi makumi awiri. Lero amayenera kutchinga anthu omwe adaleredwa mu ma akademe monga Génération Foot ndi Diambars, n'kupita ku France ali anyamata. Mané yemweyo adadutsira ku Génération Foot asanapite ku Metz. Dziko lonse lathu lili ndi bwalo limodzi lokha lomwe CAF, bungwe la mpira la mu Africa, ikulola, Bingu, pomwe Kamuzu Stadium yomwe tidagwetserapo Egypt idakanidwa. Zonsezi kochi watsopano adzazipeza momwemo, ndipo sadzazikonza.

Koma Burundi nayo ilibe Génération Foot. Pamenepo ndi pomwe ine ndi a malume tasiyana, ndipo tinatsanzikana tisanagwirizane. Anati ndikapitenso Loweruka tikamalize.

Maganizo anga ndi akuti Mabedi apite, ndipo ngati akupita, apite mwezi uno. Chifukwa chake ndi kalendala. Mu Novembala tili ndi masewero awiri omwe kwa ife alibenso phindu la mapointi, Burundi koyenda ndi Burkina Faso pakhomo. Mu Malichi za World Cup zikuyambiranso, Namibia kuno ndi Tunisia kwawo, ndipo kumeneko tidakali ndi kanthu m'manja. Masewero awiri a Novembala ndi mphatso kwa kochi watsopano: ayese anthu, aone yemwe ali ndi mtima, agonje ngati n'kugonja popanda womuwerengera. Choopsa n'chomwe timachita kawirikawiri, kuzengereza mpaka Febuluwale, kenako n'kubweretsa munthu kutatsala masabata awiri kuti akachite zozizwitsa. Saintfiet adabwera mu 2013 kudzangokonzekera masewero a Nigeria ku Calabar. Tidagonja 2-0, iye n'kunyamula zikwama.

Ndipo akamuchotsa amuchotse mwaulemu. Munthuyu adavala lamba wa dziko lino. Amuitane, akhale naye pansi, amulipire zomwe kontilakiti ikunena. Tidaona momwe adachitira ndi Meke Mwase. Munthu adatipititsa ku AFCON pogonjetsa Uganda 1-0 mu Malichi 2021, chigoli cha Richard Mbulu, koma kutatsala mwezi umodzi kuti mpikisano uyambe adamuika pansi pa Marinica. Ku Cameroon Marinica atadwala Covid, Meke yemweyo ndiye adakhala pa benchi pomwe tidagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango. Atabwerako adamuchotsa, ndipo nkhaniyo idakathera ku khothi la za ntchito. Ndalama zomwe zimapita ku milandu yotere ndi zomwe zikadagula mipira ya timu ya achinyamata osapitirira zaka 17. Pulezidenti wa FAM, Fleetwood Haiya, sadalembe ntchito Mabedi, adamupeza, poti kontilakiti idasainidwa a Walter Nyamilandu asanagonje pa chisankho cha Disembala. N'kosavuta kuchotsa munthu yemwe sudamusankhe. Kochi wotsatirayo ndiye adzakhala wake, ndipo sipadzakhalanso wina womuloza chala.

Za amene angalowe, alamu anga akhoza kukhala kuti akulondola, ngakhale akulondola pa zifukwa za ku Maule. Pasuwa adatenga ligi ya Zimbabwe kanayi motsatizana ndi Dynamos, adapititsa Zimbabwe ku AFCON ya 2017 ku Gabon m'nthawi yomwe bungwe lawo linkalephera ngakhale kumulipira bwino, ndipo kuno watenga ligi kasanu ndi Bullets. Osewera athu amawadziwa, mabwalo athu amawadziwa, umphawi wathu amaudziwa. Mpira wake si wokometsera maso nthawi zonse, koma matimu ake sataya zigoli mwachisawawa. Vuto lidzakhala lomwe ndinalimva m'minibasi: akadzangoitana anyamata asanu ndi mmodzi a Bullets, theka la dziko lidzati wakondera, ngakhale atakhala kuti ndi omwe akusewera bwino. Mponda ndimamukonda, koma ndi chaka chake choyamba ku Silver, ndipo tidawotcha kale Mtawali ndi Mabedi powathamangitsira pa mpando uwu. Amalize kaye ligi yake. Za mzungu wina wobwera ndi laputopu ndi malipiro a madola, pomwe dziko likusowa ndalama zakunja zogulira mafuta ndi mankhwala, a FAM asayerekeze n'komwe.

Aliyense amene angabwere, FAM itiuze poyera chomwe yamutuma: kodi ndi kupita ku AFCON ya 2027 ku Kenya, Uganda ndi Tanzania, kapena ndi kumanga timu ya achinyamata ngakhale tigonje chaka chonse? Ziwirizi zimafuna anthu osiyana ndi kuleza mtima kosiyana, ndipo Mabedi tidamuombera m'manja pa chachiwiricho n'kumuweruza pa choyambacho.

Alamu angotumiza uthenga pa WhatsApp kufunsa ngati ndidzapite pa masewero a Burkina Faso mwezi wamawa. Ndawauza kuti andigulire tikiti, koma ya mbali ya mthunzi.